Baaka: Mtsinje Umene Unapatsa Anthu Dzina

Sabata ino tiyende ulendo wautali ndithu, tipite ku Australia, kumidzi ya kumadzulo kwa chigawo cha New South Wales, kumene kuli mtsinje wa mayina awiri. Mukatsegula mapu muupeza utalembedwa kuti Darling. Mukafunsa agogo a mtundu wa Barkindji m'tauni ya Wilcannia, akuuzani kuti umenewo ndi Baaka. Dzina loyambalo silinakwanitse n'komwe zaka 200. Lachiwirilo palibe angakuuzeni tsiku limene linayamba. Mukamawerenga, gwiritsitsani funso ili: kodi dzina la makolo likabwerera pamtsinje koma madzi ake ali m'manja mwa ena, chabwerera n'chiyani?

Tiyambe taona kaye malo ake. Kum'mawa kwa Australia kuli mtandadza wa mapiri wotchedwa Great Dividing Range. Mvula ikagwa mbali ya kum'mawa kwa mapiriwa, madzi sachedwa kufika kunyanja yamchere. Ikagwa mbali ya kumadzulo, madzi amalowera m'kati mwa dziko, kumene kuli kouma. Mitsinje ngati Condamine, Balonne, Macintyre, Gwydir, Namoi ndi Macquarie imatunga madzi kum'mwera kwa Queensland ndi kumpoto kwa New South Wales, n'kumatsirana mpaka kutsala ikuluikulu iwiri, Culgoa ndi Barwon. Iwiriyi imakumana pakati pa matauni a Brewarrina ndi Bourke, ndipo pamapu dzina loti Darling limayambira pamenepo. Kuchoka apo mtsinje umayenda makilomita 1,472 kulowera kum'mwera chakumadzulo, kudutsa Bourke, Louth, Tilpa, Wilcannia, Menindee ndi Pooncarie, mpaka kukathira mu Murray pa Wentworth. Kuti muone kutalika kwake, Shire wathu kuchoka ku Mangochi mpaka kukathira mu Zambezi ndi makilomita pafupifupi 400. Dera lonse limene limatsira madzi mu Murray ndi Darling ndi loposa masikweya kilomita 1 miliyoni, ndiye kuti Malawi akhoza kulowamo pafupifupi kasanu ndi kanayi.

Koma musaganize za mtsinje wamkokomo. Dziko limenelo ndi lathyathyathya zedi. Tauni ya Bourke ili pamtunda wa mamita pafupifupi 100 okha kuchokera pamene pamalekezera nyanja, chonsecho madzi ochoka pamenepo ayenera kuyenda makilomita oposa 2,000 kuti akafike kunyanjako. Motero mtsinje umayenda mwaulesi, kukhotakhota pakati pa magombe ataliatali a dongo, m'mphepete muli mitengo ya bulugamu. Ku Wilcannia mvula ya chaka chonse nthawi zambiri sikwana mamilimita 300. Madzi amene amadutsa pamenepo si a mvula ya pomwepo ayi, ndi a mvula imene inagwa kutali masabata ambiri apitawo. Anthu amamva kuti chigumula chikubwera kumwamba kuli ngwee, popanda ndi kamtambo komwe. Chikafika chimadzaza madambo ndi nyanja za Menindee, nsomba n'kuswana, mbalame n'kubwera zankhaninkhani. Kukachita chilala mtsinje umaduka n'kusanduka maiwe otalikirana. Mtsinje wa Paroo, womwe pamapu umaoneka ngati ukuthira mu Darling, umafikako pa zaka za mvula yoopsa zokha. Kusefukira ndi kuphwa, ndiwo moyo wa mtsinjewu kuyambira kale.

Tsopano pa dzina. M'chilankhulo cha eni ake, mtsinjewu ndi Paaka, ena amalemba Baaka kapena Barka. Musadabwe ndi kalembedwe kosiyanaka: chilankhulocho sichisiyanitsa p ndi b, kapena k ndi g, ndiye mlembi aliyense ankalemba momwe khutu lake lamvera. Ukawonjezera kachidutswa koti -ntyi kumapeto, komwe kamatanthauza "wa" kapena "a ku", umapeza Paakantyi, lomwe ambiri amalemba Barkindji kapena Barkandji. Tanthauzo lake ndi "anthu a Baaka". Mwaona pamenepo? Si anthu amene anapatsa mtsinje dzina lawo, mtsinje ndiwo unapatsa anthu dzina. Munthu wa mtundu umenewu akamadzitchula, watchula kale mtsinje.

Dziwaninso kuti eni dziko sankautcha dzina limodzi kuchoka kugwero mpaka kumathiriro. Aaborijini si mtundu umodzi. Pamene Angerezi ankafika mu 1788, m'dzikomo munali zilankhulo pafupifupi 250. Mtundu uliwonse unali ndi dera lake, ndipo chigawo cha mtsinje chodutsa m'deralo chinali ndi dzina lake. Kumtunda, kwa a Ngemba, a Murrawarri ndi a Gamilaraay, kuli mayina ena, ndipo dzina loti Barwon linachokera ku mawu a anthu a kumeneko. Mtsinje wa Murray a Yorta Yorta amautcha Dhungala, pamene a Ngarrindjeri a kumathiriro amati Murrundi. Ndiye dzina linkakuuza kuti waponda m'dera la yani, ndipo ukafuna kutunga kapena kuwedza upemphe kwa yani. Zoti mtsinje wonse ukhale ndi dzina limodzi zinabwera ndi ojambula mapu.

Anthuwa akhala kumeneko nthawi yaitali bwanji? Kum'mawa kwa Pooncarie kuli nyanja youma yotchedwa Mungo. Kumeneko, mu 1968 ndi mu 1974, kunapezeka mafupa a mayi ndi a bambo amene anaikidwa m'manda mwamwambo zaka pafupifupi 40,000 zapitazo. A Barkindji ali m'gulu la mitundu itatu imene imasamala malowo, pamodzi ndi a Mutthi Mutthi ndi a Ngiyampaa. Ku Brewarrina, pa Barwon, kuli mipanda ya miyala yokolera nsomba yotalika pafupifupi theka la kilomita. Inu a kunyanja ndi a kumitsinje mukudziwa kutchinga madzi n'kutchera mono. Awa anachita zomwezo koma ndi miyala, m'magawomagawo, kuti msampha uzigwira madzi akakhala ambiri ngakhalenso akachepa. Dzina lake ndi Ngunnhu, ndipo a Ngemba amati anaiyala ndi Baiame, mlengi wa m'nkhani za makolo awo. Mitundu ingapo inkasonkhana pamenepo pa nyengo ya nsomba kudzachita miyambo ndi malonda. Kwa a Barkindji, m'maiwe akuya a Baaka mumakhala Ngatji, njoka yaikulu imene amati ndiyo inakumba njira ya mtsinje. Dziwe la Ngatji silifikidwa mwachibwana, lili ndi malamulo ake. Mukaganiza bwino, malamulo amenewo ankateteza malo enieni amene nsomba zimabisala pa chilala.

Nanga Darling ndani? Chakumapeto kwa 1828, bwanamkubwa wa New South Wales, Ralph Darling, anatuma msilikali wina, Charles Sturt, kuti akafufuze kumene mitsinje yolowera kumadzulo imathera. Azungu ambiri nthawi imeneyo ankakhulupirira kuti pakati pa Australia pali nyanja yaikulu. Sturt ananyamuka ndi Hamilton Hume, ndipo kumayambiriro kwa February 1829, chilala chili pachimake, anatulukira pamtsinje waukulu chakufupi ndi pamene lero pali Bourke. Anyamata ake, ludzu litawapha, anatsetserekera kumadzi, koma atalawa anapeza kuti ndi amchere, chifukwa mtsinje utaphwa akasupe amchere a pansi pake ndiwo ankaudyetsa. Sturt anautcha dzina la bwana amene anamutuma, amene anali ku Sydney, makilomita mazanamazana kutali. Chaka chotsatira, mu January 1830, akuyenda pabwato mumtsinje wina waukulu, anafika pamene iwiriyi imakumana. Winawo anaupatsa dzina la George Murray, nduna yoona za maiko a atsamunda ku London.

Taonani kusiyana kwake. Dzina limodzi likunena za anthu amene amamwa madziwo. Linalo ndi zikomo wa wantchito kwa bwana wake. Ndipo si kuti Sturt sanaone anthu ayi. Anakumana nawo, anaona misasa yawo ndi maukonde awo. Koma lamulo la Angerezi linkatenga dzikolo ngati lopanda mwini, ndipo chinthu chopanda mwini wochitola ndiye amachitcha dzina. Kuno kwathu khalidwe limeneli tikulidziwa. Mu 1859 David Livingstone anakwera Shire pasitima, ndipo mathithi amene anamutsekera njira anawatcha Murchison, dzina la mkulu wa bungwe la akatswiri a malo ku London. Mangochi anakhalapo Fort Johnston, Nsanje anakhalapo Port Herald. Ufumu wake unali womwewo, cholembera chake chomwecho.

Pambuyo pa dzina panabwera zina. Mu 1835 Thomas Mitchell, mkulu woyeza malo, anamanga linga la mitengo n'kulitcha Fort Bourke, dzina la bwanamkubwa amene analowa m'malo mwa Darling. Anatsika ndi mtsinje mpaka ku Menindee, kumene anthu ake anawombera ndi kupha Aaborijini, ulendo n'kuthera pomwepo. Mitchell analembanso kuti anaona anthu ambiri a zipsera za nthomba, kusonyeza kuti matenda achilendo anali atafika kale eni matendawo asanakhazikike. M'zaka za m'ma 1840 ndi 1850 anafika a ziweto ndi nkhosa zawo, ndipo malo amene ankafuna kwambiri anali omwe aja a maiwe osaphwa. Mu 1859 sitima za nthunzi zinayamba kukwera mtsinjewu, Francis Cadell ndi William Randell ali patsogolo, ndipo ubweya wa nkhosa unayamba kutsika ndi madzi kupita kumisika ya kunja. Pofika m'ma 1880, Wilcannia inali limodzi mwa madoko akuluakulu a m'kati mwa dzikolo. Ku Brewarrina miyala ina ya Ngunnhu inachotsedwa kuti sitima zizidutsa, ina anakamangira. Koma mtsinje sunasinthe khalidwe chifukwa cha dzina latsopano. Sitima ina yotchedwa Jane Eliza inanyamuka mu 1883 kupita ku Bourke, madzi anaphwa ili m'njira, ndipo inakafika mu 1886.

Mukawerenga mayina a matauni a m'mphepete mwake, mbiri yonse ili pomwepo. Bourke ndi bwanamkubwa, Wentworth ndi wandale wa ku Sydney, Louth ndi dera la ku Ireland. Koma Brewarrina, Tilpa, Wilcannia, Menindee ndi Pooncarie ndi mayina ochokera m'zilankhulo za eni dziko, ngakhale anapindika m'kamwa mwa alendo. Mayina a makolo sanafe onse, anatsalira apo ndi apo ngati maiwe a pa chilala.

Anthu ake nawo anapanikizidwa. Ambiri anasanduka antchito pa mafamu a nkhosa, panthaka ya makolo awo. Lamulo la 1909 linapatsa bungwe la boma mphamvu zolamula kumene Aaborijini a ku New South Wales azikhala, ndipo pambuyo pake mphamvuzo zinafika mpaka pochotsa ana kwa makolo awo. Mu 1933 mabanja a mitundu yosiyana anasonkhanitsidwa pamalo amodzi ku Menindee, ndipo mu 1949 ambiri anasamutsidwanso kupita ku Murrin Bridge, kutali ndi Baaka. M'malo otere chilankhulo chimafota, chifukwa makolo amaopa kuphunzitsa ana mawu amene angawabweretsere mavuto. Pamene katswiri wa zilankhulo Luise Hercus ankajambula mawu a okalamba kuyambira m'ma 1960, olankhula bwino anali atatsala owerengeka. Buku lake la malamulo a chilankhulochi linatuluka mu 1982. Komabe mawu oti Baaka sanachoke pakamwa pa anthu, poti munthu sangaiwale mawu amene ali m'kati mwa dzina la mtundu wake.

Zinthu zinayamba kutembenuka mu 1992, pamene khoti lalikulu la Australia, pa mlandu wa Mabo, linakana ganizo lija loti dzikolo linalibe eni. A Barkindji anakasuma mu 1997, ndipo anadikira zaka 18. Mu June 2015 khoti linavomereza kuti iwo ndi eni nthaka mwa makolo, pa mlandu wokhudza dera la masikweya kilomita pafupifupi 128,000. Limenelo ndi dera loposa Malawi yense, nyanja yomwe. Chigamulocho chinawapatsa ufulu wosaka, kuwedza, kuchita miyambo ndi kutunga madzi a pakhomo. Koma sichinawapatse mphamvu yonena kuti madzi angati atsale mumtsinje. Ku Australia chilolezo chopopa madzi ndi katundu, chimagulidwa ndi kugulitsidwa pachokha, ndipo gawo la Aaborijini pa madzi a m'dera la Murray ndi Darling silifika ngakhale 1 peresenti.

Apa ndiye pagona nkhani. Kuyambira m'ma 1960, ulimi wothirira, makamaka wa thonje, unakula kwambiri kumtunda kwa mtsinje. Kunamangidwa madamu, kunaikidwa mapampu akuluakulu, ndipo mafamu ena anakumba madamu awoawo osungira madzi a chigumula asanalowe n'komwe mumtsinje. Mu 1991 ndere zapoizoni zinaphimba mtsinje pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Mu 2012 boma linakhazikitsa ndondomeko yogawana madzi a dera lonse, koma mu 2017 pulogalamu ya Four Corners ya wailesi ya kanema ya ABC inaulula nkhani za kupopa madzi mosatsata malamulo kumtundako. Kenako, mu December 2018 ndi January 2019, nsomba zinafa katatu konse pafupi ndi Menindee, zonse pamodzi pafupifupi miliyoni. Madzi anali ataima, ndere zitachuluka. Kutazizira mwadzidzidzi, madzi a pansi opanda mpweya anasakanikirana ndi a pamwamba, nsomba n'kubanika. Zina zinali Murray cod zikuluzikulu za zaka makumi angapo, zomwe zinapulumuka zilala zambiri m'mbuyomo. Akatswiri a Australian Academy of Science atafufuza anati chilala chinalipodi, koma kupopa madzi mopyola muyeso kumtunda ndiko kunakulitsa vutolo. Mu March 2023 zinachitikanso pamalo omwewo, ulendo uno chigumula chitangophwa, ndipo nsomba zakufa zinali pakati pa 20 ndi 30 miliyoni.

Mwina wina anena kuti, aaa, nanga si mwanena nokha kuti mtsinjewu umaphwa kuyambira kale? Zoona. Sturt yemwe anaupeza utaphwa. Koma kale chilala chikatha, madzi oyamba ankayenda mpaka kumunsi, kulumikiza maiwe, kutsuka mchere ndi ndere. Masiku ano madzi ang'onoang'ono amenewo ndi amene mapampu amayamba kumwa. Makolo athu anati madzi saiwala khwawa, koma sanaone pampu yotha kukoka khwawa lonse. Alimi a kumtunda nawo ali ndi mbali yawo: ambiri amapopa motsata zilolezo zimene boma linawapatsa, ndipo matauni awo amadalira thonjelo. N'chifukwa chake mkanganowu si wa munthu woipa ndi wabwino chabe, ndi wa malamulo amene analembedwa anthu a kumunsi kulibe.

Ku Wilcannia, tauni imene lero ili ndi anthu osakwana 1,000, ambiri mwa iwo Aaborijini, kuuma kwa mtsinje si nkhani ya pa wailesi. Ndi kumene ana amaphunzira kusambira ndi kuwedza, ndi kumene banja limapeza ndiwo zinthu zikadula kusitolo, ndi kumene agogo amaphunzitsira mayina a nsomba, mitengo ndi maiwe. Mkulu wina wodziwika wa a Barkindji, wojambula ndi wosema, Badger Bates, wakhala akuuza boma ndi atolankhani kwa zaka zambiri kuti Baaka ndi mayi wa mtundu wake, ndipo kuti ukafa iwonso atha. Anthu a m'tauniyo anafika potseka mlatho wa msewu waukulu pochita zionetsero za madzi. Ndipo tangoganizani, mwana angaphunzire bwanji dzina la dziwe la Ngatji pamene dziwelo ndi mchenga wokhawokha?

Dzina lokha likubwerera, zimenezo n'zoona. Lipoti la mkulu wa asayansi wa boma la New South Wales lofufuza imfa ya nsomba za 2023 linautcha mtsinjewu Darling-Baaka pamutu pake penipeni, ndipo atolankhani ambiri tsopano amalemba chimodzimodzi. Mu 2021 mtsinje wa Macquarie, umodzi mwa ija imadyetsa Baaka, unapatsidwa mwalamulo dzina lachiwiri la a Wiradjuri loti Wambuul. Zimenezi si zazing'ono. Boma likalemba kuti Baaka, lavomera kuti Sturt sanatole chinthu chopanda mwini. Koma kusintha chikwangwani n'kotchipa, kubweza madzi n'kodula, chifukwa madziwo alipo amene akuwagwiritsa ntchito ndipo ali ndi mapepala ake. Dzina loti Darling likhoza kukhala pamapu ngakhale mtsinje utauma zaka khumi, poti silinena kanthu za madzi. Dzina loti Barkindji silingatero. Limafuna mtsinje woyenda, nsomba zili momo, ndi anthu m'mphepete mwake.

Ndiye abale, ndikusiyireni ntchito. Mtsinje kapena khwawa limene munkasamba muli ana, dzina lake limatanthauza chiyani? Analitcha ndani? Maiwe ake ali ndi mayina, ndipo alipo wamoyo amene angawatchule onse motsatana kuchoka kumtunda? Ngati agogo alipo, afunseni sabata ino, mulembe zimene akuuzeni, mutigawireko. Mufunsenso kuti madzi ake ankafika pati iwo ali ana, ndipo lero akufika pati. Tionane sabata yamawa.